Mmene mungayambitsire kalabu yowerenga pa laibulale ya kwanu, ndi kukankha nkhani yake mpaka ifike ku khonsolo

Makalabu owerenga ambiri amabadwa ndi chimkokomo nkufa mwakachetechete. Loweruka loyamba ana kudzaza mpaka ena kumasuzumira pawindo, mlendo wolemekezeka kuyankhula ola lathunthu, zakumwa kugawidwa, zithunzi kuyenda pa WhatsApp. Loweruka lachinayi mupeza ana asanu ndi mayi mmodzi yemwe wangobisala mvula. Ifenso zinatichitikira kuno ku Dedza pa kalaibulale kathu ka chipinda chimodzi, ndipo titapita kukadandaula kwa akuluakulu kuti denga likudontha mabuku akunyowa, funso loyamba lomwe anatifunsa linali loti "kodi kumabwera anthu angati kumeneko?" Tinangoyang'anana. Aliyense amati ambiri, koma panalibe pepala olo limodzi. Nde zomwe ndalemba apazi ndi zomwe tinachita ulendo wachiwiri.

Zofunika musanayambe

- Makope awiri a hadikava. Limodzi ndi kaundula wa ana, linalo la maminitsi ndi ndalama. Osati kope la pepala lofewa lija, limathothoka miyezi iwiri isanathe.
- Mphasa kapena mikeka itatu kaya inayi. Simenti ya ku Dedza mu June ndi July simasewera, mwana sangamve nthano matako atauma ndi chisanu.
- Mabuku a ana 20 kapena 30 okhala ndi zithunzi, ambiri akhale a Chichewa.
- Makatoni akale, sizasi, choko, makala, ndi zitsekero za mabotolo zokwana kadzanja kawiri katatu.
- Ndowa ya madzi, sopo, komanso chimbudzi chomwe chili ndi chitseko.
- Anthu odzipereka atatu, ndipo pakhale mayi kapena mtsikana wamkulu mmodzi.
- Foni imodzi yojambula bwino.

Ndalama sindinaziike pa mndandandawu dala.

1. Yambani ndi mwini kiyi

Musanauze mwana aliyense, khalani pansi ndi amene amayang'anira laibulaleyo. Ngati ili pansi pa National Library Service, bungwe la boma lija lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe, ali ndi malamulo awo a masiku otsegula ndi kabwerekedwe ka mabuku, nde afunseni kuti chilolezo chimachokera kuti. Ngati ndi ya pasukulu kapena ya pa TDC, malo aja osulira aphunzitsi a mzoni, ndiye ndi aphunzitsi aakulu ndi a PEA, alangizi a sukulu za pulaimale a mzonimo. Ya tchalitchi, akuluampingo. Mugwirizane zinthu zitatu: tsiku, chipinda, ndi amene azitsegula. Zilembeni mu kope la maminitsi lija onse musaine.

Chenjezo: nkhani ya kiyi ndi yomwe imapha makalabu ambiri kuposa njala. Ana 30 afika, mwini kiyi wapita kumaliro ku Lobi, foni yake sikupezeka. Zikachitika kawiri ana sabweranso. Pemphani kuti pakhale munthu wachiwiri wololedwa kutsegula, zikakanika mugwirizane kuti katoni imodzi ya mabuku izigona kwa mmodzi wa inu kuti tsiku lotero muziyala mphasa pansi pa mtengo.

2. Kaonekereni kwa mfumu, kenako kwa makolo

Musadumphe a Nyakwawa olo malowo akhale a patauni. Pitani awiri, fotokozani mwachidule, apempheni kuti alengeze pa msonkhano wa mudzi ndipo ngati nkotheka akuperekezeni kwa a Gulupu. Mudzafuna sitampa yawo kutsogoloku. Kenako uthenga upite ku matchalitchi, ku mzikiti, ku sikelo, kwa amayi a mother group a pasukulu yapafupi, ndi kapepala pa chigayo. Pa mjigo musavutike kupita, uthenga umakafika wokha.

Chenjezo: mudzafunsidwa ndithu, "nanga kuli kangachepe?" kapena "ana azimwa phala?" Yankhani poyera tsiku loyamba lomwelo kuti ayi, kulibe phala, kulibe maswiti, kulibe alawansi ya odzipereka. Ife ulendo woyamba tinkayankha kuti "tiona mtsogolomu" pofuna kuoneka abwino, anthu anamva kuti kuli bungwe kumbuyo kwathu lomwe latipatsa ndalama ndipo tikudya tokha. Mbiri imeneyo kuichotsa kunatenga chaka.

3. Tsiku limodzi, ola limodzi, osasinthasintha

Sankhani tsiku lomwe si la msika wa kwanuko, chifukwa ana akuluakulu amakathandiza kugulitsa mbatatesi ndi kabichi kapena amatsala ndi makanda kunyumba. Onaninso kuti mderalo ambiri amapemphera liti, kuli a Loweruka, kuli a Lachisanu. Miyezi yozizira musaike 8 koloko mmawa, kumbali ya Bembeke uko nkhungu imakhala isanayambe nkomwe kusuntha. Nthawi ya dzinja mvula imakonda masana nde bola mmawa, ana abwerere mitsinje isanadzaze. Ndipo funsani a mfumu za masiku omwe gule akutuluka, tsiku limenelo simupeza mwana, musadzivutitse.

Ola limodzi ndi lokwana. Ana achoke akufunabe.

4. Zochita mu ola limenelo

Apa ndi pamene ambiri timasochera chifukwa timangotengera za mkalasi, kuima kutsogolo, choko mmanja, "khalani chete!" Mwana wakhala mkalasi masiku asanu, sangabwere Loweruka kudzakalipiridwanso. Ife timachita chonchi.

Mphindi 10 zoyamba ndi ndagi. Mukangoti "Ndagi!" onse "Gize!" ndipo ochedwa amathamanga okha kuti asaphonye. Asiyeni anawo aponye zawo, ena amabwera nazo za agogo awo zoti inu simunazimvepo.

Mphindi 15 zotsatira werengani buku limodzi mokweza. Khalani pansi nawo limodzi, buku liyang'ane kwa iwo osati kwa inu, nde muyenera kukhala mutaliwerenga kale kunyumba kuti musamachite jenkha. Sinthani mawu, Fisi azimveka Fisi. Musanatembenuze tsamba funsani, "mukuganiza kuti Kalulu atani apa?" kenako dikirani, olo papite kanthawi kachete. Masiku ena itanani gogo wa mmudzimo adzaimbe nthano yapakamwa ya padangotero, ana akuvomera tili tonse, mmodzi wa inu aziilemba. Ife nthano zotere timazikopera pa mapepala, ana nkujambula zithunzi, nkusoka ndi ulusi chikuto cha katoni. Timabuku timeneti ndi tomwe timatha msanga ndi manja kuposa ogula.

Mphindi 20 ndi zowerenga okha, awiriawiri. Agaweni potengera pomwe afika pa kuwerenga, osati kalasi yawo, koma osalengeza. Mudzapeza mnyamata wa sitandade 5 woti maphatikizo akumuvutabe ndipo wakhala akubisa zaka zonsezi. Tinali naye wina, wamtali kuposa onse, ankatenga buku lalikulu la Chingerezi nkukhala pakona kumatembenuza masamba mwachangu ngati akuwerenga. Sitinamuyalutse. Tinamupatsa udindo woti "aziphunzitsa" ana a sitandade 1 ndi zitsekero za mabotolo, chilichonse cholembedwa phatikizo limodzi, ma, me, mi, ka, ku, nkumazilumikiza kupanga mawu. Pophunzitsa anzakewo ndi mmene iye anaphunzirira, tsiku lina anangofuula yekha "kalulu!" atalumikiza zitatu, kenako nkuyang'ana uku ndi uku ngati wina wamuona.

Za maphatikizozi kacheze ndi mphunzitsi wa sitandade 1 kapena 2. Mu 2016 sukulu za boma zinayamba kutsata National Reading Programme, ndondomeko yophunzitsira ana kuwerenga, mmakalasi oyambirira, nde ndi bwino mudziwe mmene amatchulira maliwu a zilembo kuti musasokoneze ana ndi njira ina.

Mphindi zotsalazo kujambula, kubweza mabuku, kusamba mmanja, basi.

Chenjezo: atsikana ambiri amabwera atabereka mng'ono wawo kumbuyo. Musawabweze. Yalani mkeka wapadera, wodzipereka mmodzi azisewera ndi makandawo kuti achemwali awo agwireko buku ndi manja onse awiri. Ndipo lamulo losakambirana: wamkulu asatsale yekha ndi mwana mchipinda chotseka, kaya ndi ndani.

5. Kaundula, chida chanu chachikulu

Ngati pali sitepe yoti musaidumphe ndi iyi. Jambulani mizere mu hadikava muja: dzina, mnyamata kapena mtsikana, zaka, mudzi, kalasi, kenako madeti. Chongani sabata iliyonse, tsiku lomwelo, osati kudzakumbukira Lachiwiri. Pansi pa tsamba lembani chiwerengero cha onse, buku lomwe mwawerenga, ndi kanthu kamodzi komwe kachitika, monga "mvula inalowa pakona ya kummawa, mabuku 6 anyowa" kapena "ana 9 abwerera, malo anachepa". Timizere timeneti tikuoneka topanda pake koma ndi tomwe mudzawerenge pamaso pa ADC, komiti ya chitukuko ya dera la T/A.

Kumapeto kwa mwezi jambulani masambawo ndi foni mutumizirane pagulu lanu la WhatsApp, kope likhoza kusowa kapena kunyowa.

Kubwereketsa mabuku kupita nawo kunyumba yambani patatha mwezi, ndi ana omwe abwera kanayi motsatizana, buku limodzi sabata imodzi. Ena adzabwerera ndi mafuta a ndiwo, lina mbuzi idzalawa chikuto. Matani ndi selotepu mupitirize. Mukayamba kulipiritsa faindi makolo adzaletsa ana kubwereka.

Chenjezo: musakometse manambala. Tsiku lomwe kwabwera ana 7 lembani 7. Khansala akhoza kungotulukira tsiku lina osanena, akapeza 12 pomwe inu mumalemba 60, zanu zathera pomwepo.

6. Kokani akuluakulu

Pakapita miyezi iwiri kapena itatu kalabu ya ana ikuyenda, onjezani chochitika chimodzi pamwezi cha akuluakulu. Itanani mlangizi wa zaulimi adzakambe za chiwawu cha mbatatesi kapena kasungidwe ka chimanga. Mwezi wina wodziwa athandize achinyamata kulemba kalata yofunsira ntchito. A fomu 4 apatseni ngodya yawo yowerengera mayeso akayandikira. Amayi a banki mkhonde abwerekeni chipinda, a sukulu ya kwacha chimodzimodzi, kambiranani ndi mlangizi wa zachitukuko wa mdera lanu. Onsewa alembe mayina mu kaundula.

Chifukwa chake nchosavuta, ana sakhala pa msonkhano wa VDC, komiti ya chitukuko ya mmudzi. Amene amaimika mkono kumeneko ndi makolo awo, ndipo munthu amene anakhalapo pansi pa denga lodonthalo safunika kumufotokozera zambiri.

7. Lembani pepala limodzi, pemphani chinthu chimodzi

Tsamba limodzi lokha, mu Chichewa, lina mu Chingerezi ngati likupita ku maofesi a kwa DC. Mukhale zinthu izi: ndinu ndani, mwakhala mukuchita chiyani kuyambira liti, manambala a mu kaundula, vuto, chomwe mukupempha ndi mtengo wake, ndi zomwe anthu a mderalo apereke okha. Mwachitsanzo:

"Kuyambira mwezi wakuti takumana Loweruka lililonse, maulendo okwana akuti. Ana olembedwa ndi akuti, mwa iwo atsikana ndi akuti, ochokera mmidzi isanu. Denga likudontha malo atatu. Tikupempha malata akuti ndi misomali, mtengo wake uli pa kotesheni yomwe tamata kuseri. Mchenga, njerwa ndi ntchito ya mmisiri tipereka tokha."

Kotesheni katengeni ku hadiweya ziwiri, ikhale ndi deti chifukwa mitengo masiku ano sigona pamodzi. Asaine wapampando, woyang'anira laibulale, ndipo a mfumu adinde sitampa. Pangani fotokope zingapo, yanu isachoke mmanja.

Chenjezo: kalata yathu yoyamba inali masamba anayi, tinapempha nyumba yatsopano, makompyuta khumi, sola, njinga, mipando ndi malipiro a mlonda. Bambo wina wa mu komiti ina anaiwerenga tsamba loyamba lokha nkuti "apa ndiye mukufuna yunivesitetu anzathu." Anthu anaseka, nkhani yathu inathera pa nthabwala imeneyo.

8. Tsatani njira yake: VDC, ADC, khonsolo

Zitukuko za mmaboma zimayambira pa komiti ya chitukuko ya mmudzi, VDC, yomwe imakhala pa a Gulupu. Zomwe yasankha zimapita ku ADC yomwe ili pa T/A, kaya ndi kwa Kaphuka, Kachere, Kasumbu, Kamenyagwaza, Kachindamoto kapena kwina, kenako ku khonsolo komwe zimalowa mu mapulani a chitukuko a boma lonse. Mukalumpha nkukagwera kwa DC, akufunsani ngati ADC ikudziwa, mubwerera mutaononga thiransipoti.

Chitani izi motsatana. Kumanani ndi wapampando ndi mlembi wa VDC msonkhano usanafike, apatseni pepala lija, pemphani kuti mulowe pa ajenda. Tsiku la msonkhano pitani ndi makolo angapo, ndipo oyankhula asakhale inu nokha ophunzira, mayi mmodzi anene ndi pakamwa pake zomwe mwana wake wayamba kuchita, mwina akuwerengera agogo ake uthenga wa pafoni kapena zolembedwa pa botolo la mankhwala. Inu muwerenge manambala, mphindi zitatu zokha, mukhale pansi. Musanachoke onetsetsani kuti mlembi walemba mu maminitsi kuti nkhani ya laibulale yavomerezedwa kupita ku ADC. Zosalembedwa mu maminitsi sizinachitike, olo anthu aombe mmanja bwanji.

Nthawi ndi yofunikanso. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 April, nde mukapita mu March bajeti yaphikidwa kale. Yambani kugogoda mvula yoyamba isanagwe. Ndipo dziwani kuti mukupikisana ndi mlatho, mjigo ndi chipinda cha amayi oyembekezera, zinthu zoti palibe angazitsutse, nchifukwa chake pempho lanu likhale laling'ono loti angalilowetse osachotsa zinazo.

A khansala aitaneni pa Loweruka wamba, opanda tenti opanda zokuzira mawu. Apatseni buku akhale pa mphasa awerengere ana. Wathu anabwera atavala jekete akuganiza kuti kuli mwambo, anapezeka akutsanzira mawu a Fisi ana ali gwaa kuseka, potuluka anaponda mmadzi omwe anadontha usiku. Sitinachite kumuuza za denga. Mufunseni iye ndi a phungu za CDF, ndalama zija za zitukuko za mdera zomwe zimadzera ku khonsolo, kuti ndondomeko yake chaka chimenecho ikuyenda bwanji. Muli ndi ufulunso wopempha mwa kalata kuti muone zomwe zavomerezedwa mdera lanu, lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020.

Chenjezo lalikulu: ndale. Landirani thandizo kwa aliyense koma nsalu ya chipani isalowe mu laibulale, ndipo ana asaimbitsidwe nyimbo zotamanda munthu. Mukadziwika kuti ndinu a uje, akadzagwa pa chisankho mugwa naye limodzi.

9. Londolani, ndipo pemphani mabuku padera

Pakatha milungu iwiri imbani foni kwa mlembi wa ADC, pakatha mwezi pitani nokha. Ulendo uliwonse lembani mu kope deti, amene mwakumana naye ndi zomwe wanena. Mwaulemu koma osatopa, kuona maso a nkhono nkudekha.

Za mabuku musadikire khonsolo. Lemberani a National Library Service kudzera kwa woyang'anira laibulale yanu, nenani zaka za ana ndi chiyankhulo chomwe mukufuna, matani fotokope ya kaundula. Pa 8 September ndi tsiku lokumbukira kulemba ndi kuwerenga padziko lonse, pa 23 April ndi la mabuku, masiku amenewa a wailesi ya mdera savuta kuwakopa. Ana awiri atatu awerenge pa wailesi makolo awo atavomera, mudzi wonse umatchera khutu.

Zolakwika zomwe ndimaziona kawirikawiri

Kuyamba ndi mwambo wotsegulira. Ndalama zonse zimathera mu zakumwa ndi mafuta a galimoto ya mlendo. Ngati mukufunadi mwambo pangani patatha miyezi isanu ndi umodzi, pomwe muli ndi choonetsa.

Kulandira buku lililonse chifukwa ndi laulere. Wina anatipatsa makatoni atatu, titatsegula munali mabuku a malamulo a misonkho a dziko lina ndi ena ophunzitsa makompyuta omwe anasiya kale kupangidwa. Anadya shelefu yonse kwa zaka ziwiri chifukwa timaopa kukhumudwitsa wopereka. Funsani kaye kuti muli chiyani musanatumize ngolo.

Kutsekera mabuku abwino mu kabati kuti asade. Awa ndi matenda a oyang'anira ambiri, ndipo ndimawamvetsa chifukwa buku likasowa amafunsidwa ndi iwo. Mugwirizane kuti mabuku a kalabu alembedwe padera ndipo komiti ndi yomwe iziyankha.

Kuponya zithunzi za ana pa Facebook makolo osadziwa. Pemphani kaye, ndipo musalembe dzina la mwana ndi mudzi wake pansi pa chithunzi. Bola kujambula chakumbuyo, mitu itaweramira mmabuku.

Ndalama kukhala mthumba la munthu mmodzi. Olo ikhale ya choko, ilembedwe, asaine awiri, iwerengedwe pa msonkhano. Mabwenzi a zaka khumi amadana chifukwa cha chenji cha selotepu.

Kalabu yonse kukhala pa mutu wa munthu mmodzi, makamaka mphunzitsi yemwe akhoza kusamutsidwa kupita ku Mayani kapena Golomoti mwezi wamawa. Muzisinthana kutsogolera kuyambira pachiyambi, ndipo ana a sitandade 7 ndi 8 aphunzitseni kuchonga kaundula ndi kuwerengera anzawo.

Kupempha makompyuta pomwe chipinda chilibe magetsi, mawindo alibe zitsulo, mlonda kulibe. Denga kaye, chitseko, mashelefu.

Ndi chiswe. Mashelefu asagunde khoma, makatoni asakhale pansi, ikani pa njerwa, ndipo kamodzi pamwezi sunthani zonse muone kuseri. Ife tinatsekera holide ya Khirisimasi milungu itatu osayang'anamo, pobwera katoni ya pakona inkaoneka bwinobwino kunja, titainyamula pansi pake panangotsala dothi ndi zikuto.